Foni yoyankha mafunso a kumunda

Mlangizi wa zaulimi ndi mmodzi, midzi yoti ayendere ndi yambirimbiri. Inu nomwe mukudziwa kuti mbozi zikalowa m'chimanga sizidikira tsiku la msonkhano. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola minda kuno ku Mulanje n'kusiya mchenga ndi miyala pamene panali dothi labwino, mafunso a alimi achuluka kuposa kale. Ndibzale chiyani pa mchenga umenewu? Mbatata ingachite bwino pamene chimanga chakana?

Tsopano kuli njira ina yofunsira mafunso otere. Dzina lake ndi Ulangizi. Anaikonza ndi a bungwe la Opportunity International, ndipo inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2024. Imapezeka pa WhatsApp, m'foni zamakono zija zokhala ndi kamera. Imamva Chichewa ndi Chingerezi. Mungathe kulemba funso lanu, kulilankhula pakamwa, kapena kujambula mbewu yodwalayo n'kutumiza chithunzi. Yankho limabwera lolembedwa, ndipo kwa amene kuwerenga kukadali kovuta, limatha kubwera m'mawu oti amvetsere. Popeza si aliyense ali ndi foni yotere, m'madera ena muli anthu ophunzitsidwa amene amayenda nayo m'magulu a alimi n'kumawafunsira.

Nanga akuyankhayo ndani? Mulibe munthu m'fonimo, ndipo si matsenga. Funso lanu limachoka pa foni, limadutsa pa nsanja ya netiweki, n'kukafika ku makompyuta akuluakulu amene ali kutali. Makompyutawo anawadyetsa zolembedwa zochuluka zedi, ndiponso malangizo a ulimi ochokera ku Unduna wa Zamalimidwe. Akalandira funso, amafufuza m'malangizowo zimene zikugwirizana nalo, kenako amalumikiza mawu kupanga yankho. Luso limeneli ndi limene mukumva pa wailesi akulitchula kuti AI.

Pa nkhani ya zithunzi, ganizirani munthu wothyola tiyi. Tsiku loyamba amayang'anitsitsa kuti apeze masamba awiri ndi kansonga. Pakatha miyezi, diso limangodziwa lokha chifukwa laona masamba osawerengeka. Kompyuta nayo inaonetsedwa zithunzi zambiri mpaka inayamba kusiyanitsa tsamba labwino ndi lodwala. Masamu amene amachitika m'kati mwake ndi ovuta, tiwasiyire akatswiri.

Chimene tiyenera kugwiritsa ndi ichi: kompyutayo sinapondepo m'munda mwanu. Imangodziwa zimene mwaiuza ndi zimene mwaionetsa. Chithunzi chikakhala choipa, yankho nalo limasokera. Choncho pukutani kaye galasi la kamera ndi nsalu yofewa, poti mafoni athu amagona m'thumba limodzi ndi mtedza ndi fumbi. Jambulani kukuwala, koma dzuwa likhale kumbuyo kwanu, lisawombe m'kamera. Yandikirani tsambalo, gwirani foni ndi manja awiri kuti isanjenjemere. Tembenuzani tsamba mujambulenso kunsi kwake, chifukwa nsabwe ndi mazira a tizilombo amabisala kumeneko. Ngati ndi chimanga, jambulani m'kati mwa nsonga momwe ntchemberezandonda imakhala, ndowe zake zooneka ngati utuchi zioneke bwino. Pomaliza bwererani m'mbuyo pang'ono mujambule mbewu yonse.

Funso nalonso lisakhale lopanda mutu. Kungoti "chimanga changa chikudwala" sikukwanira. Nenani kuti muli ku Mulanje, munabzala liti, mvula yagwa motani, munathira feteleza kapena manyowa, ndipo vutolo lagwira phando limodzi kapena munda wonse. Masamba achikasu angathe kubwera chifukwa cha njala ya m'nthaka, madzi odikha, kapena matenda. Mukabisa zina, kompyuta imangolota, ndipo ikamalota siichita manyazi. Imayankha molimba mtima ngakhale pamene yalakwitsa.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, anzanga, musathamangire kukagula mankhwala ku Chitakale kapena ku Limbuli chifukwa choti foni yanena. Ndalama ya nandolo kapena ya chinanazi simuipeza mophweka. Onetsani kaye yankholo kwa mlangizi kapena kwa mlimi wachitsanzo wa m'mudzi mwanu. Pali matenda ena oti mankhwala sangachize. Chisaka chija chinatha nthochi kuno ndi ku Thyolo n'chimodzi mwa amenewa: nthochi ikagwidwa, masamba n'kumatuluka ang'onoang'ono othithikana pamwamba, chofunika n'kuzula phata lonse, kuliwononga, n'kupeza mbewu yopanda matenda. Wogulitsa amene angakupatseni botolo la mankhwala a chisaka akungokudyerani ndalama. Ndipo mankhwala alionse amene mwagula, werengani zolembedwa pa botolo, muyeze mlingo wake, muvale zodziteteza, musunge kutali ndi ana ndi chakudya. Apa m'pamene kuwerenga kumateteza moyo.

Zovuta zina mukuzidziwa kale. Netiweki imathawathawa m'midzi ya kuseri kwa phiri, bandulo imafuna ndalama, batire nalo limafuna kulipira potchaja. Gulu lingathe kusonkherana bandulo imodzi monga mmene timasonkhera ku banki m'khonde. Musanayatse intaneti, khalani pansi mugwirizane mafunso, wina awalembe m'kope, zithunzi zijambulidwiretu. Mayankho akabwera, alembeninso m'kope momwemo pamodzi ndi tsiku lake, kuti mlangizi akadzafika adzaone zimene munauzidwa ndi zimene munachita.