CIGWA CA GORONGOSA NDI ZIPSERA ZA NKHONDO

Pamene tikumbukira nkhondo, timawerenga anthu amene anafa ndi midzi imene inatenthedwa, ndipo nkoyenera kutero. Koma m'phunziro ili tifuna kuona cimene cimagwera nthaka, udzu ndi nyama za kuthengo anthu akamamenyana. Citsanzo cathu ticitenga kwa anansi athu a ku Mozambique, amene ena a iwo tinawalandira ku Ukwimi, m'dera la Petauke, pothawa nkhondo yomweyo.

Maonekedwe a dzikolo

Gorongosa ali pakati pa dziko la Mozambique, m'cigawo ca Sofala. Amene anatsikirako ku Luangwa sadzabvutika kulingalira za malowa, pakuti nako nkucigwa, kotentha, kwa nyama zambiri. Ca kumpoto cakumadzulo kuli phiri la Gorongosa, lotalika mamita 1,863. Nkhalango ya pamwamba pace imakoka mvula, ndipo mitsinje yocokera kumeneko imatsikira m'nyanja yaing'ono ya Urema. M'dzinja nyanjayo isefukira ndi kumiza dambo lonse; m'cilimwe madzi aphwera, nasiya msipu wanthete. Msipu umenewo ndiwo unali cuma ca cigwaco. Mu 1960 boma la Apwitikizi linapatula malowa akhale nkhalango yosungiramo nyama, ndipo nkhondo isanabuke munali njati ngati 14,000 ndi njobvu zoposa 2,000, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu, mvuu ndi mikango.

Zaka za nkhondo

Mozambique analandira ufulu mu 1975. Kuyambira 1977 kufikira 1992 boma la Frelimo linamenyana ndi gulu la Renamo, ndipo anthu ngati 1,000,000 anafa ndi cipolopolo, njala ndi nthenda. Renamo anamanga malinga ao m'dera la Gorongosa. Asilikali a mbali zonse ziwiri anapha nyama kuti adye, naphanso njobvu kuti agule zida ndi minyanga. Anthu wamba, minda yao itaonongeka, anachera misampha kuti ana asafe ndi njala. Ndani wa ife angawaweruze? Mtendere unalembedwa ku Rome pa 4 October 1992, koma kusaka kunapitirirabe. Powerenga pambuyo pace anapeza kuti mwa nyama zazikuru khumi ziri zonse, zisanu ndi zinai zinali zitatha. Njati zinatsala zosafika 100.

Zipsera ziwiri

Mlendo wofika m'zaka zimenezo akadayamikira kubiriwira kwa dambo, osadziwa kuti udzu unatalika cifukwa panalibe woudya. Comera caminga cocokera ku America, dzina lace Mimosa pigra, cinayamba kufalikira m'mbali mwa Urema, popeza nyama zimene zinkacibudula cikali cacing'ono zinali zitafa. Ici ndico cipsera coyamba.

Caciwiri ciri m'thupi la njobvu. Kale lomwe zinalipo njobvu zazikazi zobadwa zopanda minyanga, pafupi-fupi imodzi mwa zisanu. Osaka anazilambalala zimenezi, pakuti zinalibe malonda. Cotero mwa zazikazi zopulumuka nkhondo, theka linali lopanda minyanga, ndipo mwa ana akazi obadwa pambuyo pace, mmodzi mwa atatu anabadwa wotero. Akatswiri analengeza zimenezi mu 2021. Taganizani, abale: mwana wa njobvu amene sanamvepo kulira kwa mfuti abadwa ndi cizindikiro ca nkhondoyo. Ndipo minyanga si cokometsera cabe. Ndiyo khasu lokumbira madzi ndi nkhwangwa yosendera makungwa.

Kucira kwa dziko

Akuru anati, madzi saiwala khwawa. M'zaka za nkhondo mvula inagwabe paphiri, Urema anasefukirabe, ndipo mbeu ya nyama zotsala inapeza cakudya. Mu 2008 boma la Mozambique linapangana ndi munthu wa ku America, Greg Carr, kuti agwirizane pa nchito yokonzanso nkhalangoyo. Anabweretsa njati kucokera kwina, ndi mimbulu mu 2018. Anakodzwe anaswana kopambana, napitirira 50,000, ndipo pamodzi ndi nyama zina anayambanso kudya comera caminga cija. Paphiri anthu a m'midzi abzala khofi pamthunzi wa mitengo ya cibadwidwe, kuti nkhalango ibwerere ndipo iwo apeze ndalama. Pa 1 August 2019, nkhondo itayambanso kufuka m'deralo kwa zaka zingapo, atsogoleri a mbali ziwirizo analemba pangano loleka kumenyana pa Chitengo, m'kati mwa nkhalango momwemo.

Komabe cigwa sicinabwerere monga cinaliri. Anakodzwe acuruka, koma mbidzi zacepa ndithu. Zaka 15 za nkhondo zapitirira kulipidwa ndi zaka zoposa 30 za kucira, ndipo ngongoleyo sinathe.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji kubiriwira kwa dambo la Urema sikunali cizindikiro ca moyo?
2. Kodi madzi a kwanu acokera kunkhalango iti, ndipo aisunga ndani?
3. Nanga ife, amene sitinaone nkhondo yotere, tidzapereka cifukwa canji kwa adzukulu athu akadzapeza thengo lopanda nyama?