Masiku 50 a Ka'b ibn Malik: nkhani imene yandikhudza mu Riyadus Salihin



Buku limene ndikuwerenga panopa ndi Riyadus Salihin. Ambiri timaliona pa shelefu mu mzikiti, kapena timamva ashehe akuliwerenga pa darasa. Analilemba ndi Imam an-Nawawi, amene anabadwira ku Nawa m'dziko la Syria mu 1233 n'kumwalira mu 1277, asanafike n'komwe zaka 50. Muli ma hadith pafupifupi 1,900, osanjidwa m'mitu yokhudza khalidwe la Msilamu. Ambiri ndi afupiafupi, koma pa mutu wachiwiri, wonena za kulapa, pali hadith yaitali ndithu imene yandikhudza kwambiri. Ndi nkhani ya Ka'b ibn Malik (R.A), yopezekanso mu Bukhari ndi Muslim. Anaifotokoza ndi mwana wake Abdullah, amene ankamutsogolera njira bamboyo atasiya kuona. Tiyeni tiione limodzi.

M'chaka cha 9 Hijri, chomwe ndi 630, Mtumiki (S.A.W) analengeza ulendo wa nkhondo wopita ku Tabuk, mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Madinah. Inali nyengo yotentha koopsa, komanso tende anali atapsa m'minda. Ka'b anali mlakatuli wodziwika, mmodzi mwa anthu amene analonjeza kwa Mtumiki ku Aqabah. Sanali kudwala, ndipo sanali wosauka. Iye mwini akunena kuti sanakhalepo ndi mphamvu ndiponso chuma ngati nthawi imeneyo, moti anali ndi ngamira ziwiri. Chinamugwetsa ndi "mawa". M'mawa uliwonse ankatuluka kuti akakonzeke, n'kubwerera osachita kanthu, akudziuza kuti awapeza m'njira. Gulu linanyamuka, masiku n'kumapita. Akayenda mu mzinda ankangoona anthu odziwika ndi uchiphamaso, kapena ofooka amene Allah anawalola kutsala.

Mtumiki atabwerako anayamba walowa mu mzikiti, anaswali ma rakaat awiri, n'kukhala pansi. Anthu opitirira 80 anabwera ndi zifukwa zawo, akulumbira. Iye anawalandira monga mwa zimene ananenazo, anawapemphera chikhululuko, za mumtima n'kuzisiya kwa Allah. Onsewo anatuluka ali opepukidwa.

Kenako inafika nthawi ya Ka'b. Masiku amenewo ankapeka bodza loti akanene, ndipo luso la pakamwa anali nalo. Koma atakhala pamaso pa Mtumiki anaulula kuti analibe chifukwa chilichonse. Anaona kuti bodza likanamusangalatsa Mtumiki tsiku limenelo, koma Allah sakanachedwa kuliulula, pomwe choonadi chikanamukwiyitsa tsikulo koma mapeto ake akanakhala abwino. Mtumiki anavomereza kuti uyu wanena zoona, n'kumuuza kuti adikire chigamulo cha Allah.

Taonani amene anayamba kumudzudzula: anthu a fuko lake lomwe, Banu Salimah. Anamutsatira akumuuza kuti akanangopereka chifukwa ngati enawo, pemphero la Mtumiki likanamukwanira. Anamukakamiza mpaka anatsala pang'ono kubwerera kukasintha mawu. Chinamulimbitsa n'chakuti anamva zoti anthu ena awiri olungama, Murarah ibn ar-Rabi' ndi Hilal ibn Umayyah, anenanso zoona ngati iye.

Mtumiki analamula kuti anthu atatuwa asalankhulidwe ndi wina aliyense. Awiri aja anangodzitsekera m'nyumba akulira. Ka'b, poti anali wamng'ono pa onse, ankapitabe ku swala ndi kumsika, koma panalibe womuyankha. Ankapereka salamu kwa Mtumiki n'kumayang'anitsitsa milomo yake kuti aone ngati yagwedezeka. Akamaswali pafupi naye, Mtumiki ankamuyang'ana, koma Ka'b akatembenuka, Mtumiki ankayang'ana kumbali. Tsiku lina anakwera mpanda wa munda wa Abu Qatadah, m'bale wake amene ankamukonda kuposa onse. Salamu sinayankhidwe. Anamufunsa katatu ngati sakudziwa kuti iye amakonda Allah ndi Mtumiki wake, ndipo yankho linangokhala loti wodziwa ndi Allah ndi Mtumiki. Ka'b anabwerera misozi ili chuchuchu.

Ali mkati mwa mavutowa, wamalonda wochokera ku Sham anamupatsa kalata ya mfumu ya Ghassan, yomuitana kuti asamukire kumeneko akapatsidwe ulemu. Ka'b anazindikira kuti amenewanso ndi mayeso, ndipo kalatayo anaiponya m'ng'anjo. Patatha masiku 40 kunabwera lamulo lina loti atalikirane ndi mkazi wake, ndipo anamutumiza kwa makolo ake.

Atakwana masiku 50, ataswali Fajr pamwamba pa nyumba, anamva munthu akufuula kuchokera pa phiri la Sal' kuti asangalale. Anagwa n'kuchita sijida. Wobweretsa uthengayo anam'patsa zovala ziwiri zimene anavala, iye n'kubwereka zina kuti apite ku mzikiti. Kumeneko Talha ibn Ubaydillah anadzuka n'kumuthamangira kukamugwira chanza, ndipo Ka'b sanaiwale zimenezo moyo wake wonse. Kulapa kwa atatuwa kuli mu Surah at-Tawbah, ndime 118, ndipo ndime 119 ikutilamula kukhala pamodzi ndi anthu oona. Za olumbira monama aja zili pa ndime 95 ndi 96 za sura yomweyo. Kawerengeni nokha, muone kusiyana kwake.

Ndiye tiphunzirepo chani?

Choyamba, bodza loopsa ndi limene layenda bwino. Anthu 80 aja anapita kwawo tsiku lomwelo popanda chilango, pomwe wonena zoona anavutika masiku 50. Ukanakhalapo pa tsiku la 30, ukanati wochenjera ndi wonama uja. Ifenso zimatichitikira. Wina ali ndi ngongole, mwini ndalama akaimba akuti netiweki inavuta. Wina akuti "ndili m'njira" asanasambe n'komwe. Wina wadya ndalama ya fizi, kwa makolo akuti sukulu yakweza. Zikadutsa bwinobwino timati tapulumuka, chonsecho taphunzitsa lilime njira yoti lidzadutsenso mawa.

Chachiwiri, Ka'b sanakane ulendo, anangozengereza. Palibe tsiku limene anati sindipita. Swala ya Fajr, ngongole ya mnzathu, kupepesa kwa mayi, zambiri timazitaya mwanjira yomweyi.

Chachitatu, tisamale ndi otikonda amene amatipangira njira yachidule. Banu Salimah sanali adani ake, ankamumvera chisoni. Mnzako akakuuza kuti "ungonena kuti unadwala, nkhani ithe", n'kutheka kuti akukufunira zabwino, koma malangizowo ndi olakwika. Ndipo kalata ya Ghassan imabwera nthawi imene wakhumudwa ndi anthu ako. Wachinyamata akadzudzulidwa ku mzikiti kapena kunyumba, m'pamene gulu lina limamutsegulira manja kuti kuno sitiweruza munthu.

Chachinayi, nkhaniyi isatipatse chilolezo chosalana. Lamulo lija linachokera kwa Mtumiki, ndipo linatha ndi chivumbulutso. Ife tinaletsedwa kunyanyala m'bale wathu kupitirira masiku atatu pa zokangana zathu. Gawo lathu m'nkhaniyi ndi la Mu'adh ibn Jabal, amene anamuikira kumbuyo Ka'b ku Tabuk wina atamunena kuti watsala chifukwa chodzikonda, komanso la Talha, amene anadzuka kulandira wolapa. Munthu akabwerera ku mzikiti patapita nthawi yaitali, tisamufunse kuti anasowera kuti. Tim'patse moni ndi malo pa safu.

Ka'b atakhululukidwa anafuna kupereka chuma chake chonse ngati sadaka, koma Mtumiki anamulangiza kuti asungeko china, ndipo anasunga gawo lake la ku Khaybar. Lonjezo limene anapanga ndi loti sadzanenanso bodza, ndipo pofotokoza nkhaniyi anati kuyambira tsiku limenelo sananamepo mwadala.

Pempho langa n'lakuti hadith imeneyi muiwerenge yonse, osati kachidutswa ka pa status ya WhatsApp. Siitenga mphindi 15. Ngati Chiarabu kapena Chingerezi chikuvutani, pemphani ashehe kapena ustadh wa kwanuko akuwerengereni n'kumasulira. Mukamaliza, ganizirani munthu mmodzi amene munamuuza zosaona ndipo mpaka lero akuzikhulupirirabe, kenako mupite mukamuuze zoona sabata ino.

Allah atipange kukhala mwa anthu oona, ndipo alandire kulapa kwathu. Ameen.