Ubongo, Magazi ndi Chiyambi cha Matenda a Misala

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.4, koma umalandira magazi okwana mamililita 750 pa mphindi iliyonse, ndiwo makapu atatu odzaza. Magaziwo amabweretsa mpweya ndi shuga, zomwe ndi chakudya cha ubongo. Chigawo cha ubongo chimene chikugwira ntchito kwambiri chimalandira magazi ochuluka, ndipo chimene chafooka chimalandira ochepa.

Zimene madokotala anapeza

M'chaka cha 1974, David Ingvar ndi Göran Franzén a ku Lund, m'dziko la Sweden, anayeza kayendedwe ka magazi mu ubongo wa anthu odwala misala yokhalitsa yotchedwa schizophrenia. Iwo anapeza kuti chigawo cha kutsogolo, kuseri kwa chipumi, chinkalandira magazi ochepa kuposa mmene zimakhalira mwa anthu athanzi. Chigawo chimenechi ndicho chimathandiza munthu kuika mtima pa ntchito, kukonzekera za mawa ndi kudziletsa. Pambuyo pake, makina ounikira ubongo anasonyeza kusintha kotere ngakhale mwa ena amene matendawa angowayamba kumene.

Zimenezi sizitanthauza kuti wodwalayo wachepa magazi m'thupi, kapena kuti mtsempha watsekeka monga zimachitikira pa sitiroko. Chotero mankhwala owonjezera magazi kapena kutema mphini pamutu sizingachize matendawa.

Zizindikiro zoyamba

Kawirikawiri matendawa amayamba pakati pa zaka 15 ndi 30, ndipo nzeru ndizo zimayamba kufooka, miyezi ingapo kapena zaka zisanaoneke zizindikiro zazikulu. Mwana wa sukulu amene ankakhoza bwino amayamba kulephera. Mnyamata wotumidwa kumsika amaiwala zimene wamutuma mayi ake. Wina amasiya kusamba, amadzipatula kwa anzake, ndipo usiku sagona. Makolo ambiri amayesa ulesi kapena mwano, nayamba kumukalipira. Kenaka wodwala amamva mawu a anthu amene palibe, amayankhula yekha, kapena amakhulupirira kuti achibale akufuna kumupha. Kusuta chamba, makamaka paunyamata, kumawonjezera ngozi ya matendawa.

Zoyenera kuchita

1. Wodwala apite naye kuchipatala msanga. Amene wakhala nthawi yaitali osalandira mankhwala amachira movutikira kuposa amene wathandizidwa poyambirira.

2. Ngati kusokonezeka kwabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, kuuma khosi kapena kukomoka, apite naye tsiku lomwelo, pakuti angakhale malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi.

3. Asamangidwe ndi zingwe kapena kumenyedwa. Ayankhulidwe modekha, mawu ochepa pa nthawi imodzi, popeza mutu wake sungasunge zinthu zambiri.

4. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol amachepetsa mawu ndi mantha, koma asasiyidwe popanda uphungu wa dokotala. Khosi kapena manja zikauma kapena kunjenjemera, achipatala auzidwe.

Odwala ambiri amathandizidwa pachipatala cha m'boma lawo, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu. Nzeru zimabwerera pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodwala akayamba kupeza bwino, apatsidwe ntchito zazing'ono monga kuthirira dimba, adye pamodzi ndi banja, ndipo wachibale mmodzi azimukumbutsa tsiku lokatenga mankhwala.