Phunziro 23: Marko, Amene Anabwerera Panjira

M'bale wanga, mukadzudzulidwa pa ncito yanu, kaya ndi Padre, kaya ndi kapitao, kumbukirani Yohane Marko. Mnyamatayu anatsagana ndi Paulo ndi Barnaba pa ulendo wao woyamba wolalika Mthenga Wabwino. Atafika ku Perga, m'dziko la Pamfilia, iye anawasiya nabwerera ku Yerusalemu. Buku la Ncito za Apostoli, pa mutu 15, litiuza zotsatira zace: pokonza ulendo waciwiri, Barnaba anafuna kumtenganso, Paulo anakanitsitsa, ndipo anakangana kolimba mpaka kulekana. Taonani, anthu oyera awiri kulekana cifukwa ca wancito mmodzi!

Paulo sananame ai. Marko anaisiyadi ncito pakati, ndipo cidzudzulo cinamuyenera. Inunso, musanamuyankhe wokudzudzulani, yambani mwadzifunsa mumtima ngati cimene wanenaco ncoona. Ukali wa mau ace muuike pambali, pakuti nayenso ndi munthu. Kapena anagona ndi njala, kapena mwana akudwala kunyumba.

Koma mtima wanga uli kwa Barnaba. Iye sanayese kupunthwa kumodzi ngati kuthyoka mwendo; anamtenga msuweni waceyo napita naye kwao ku Cipro. Inu amene muyang'anira anzanu, katekista wacinyamata akasokoneza mapemphero a Lamulungu, kodi mumcititsa manyazi pamaso pa Akristu onse, kapena mumuitanira padera?

Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko, popeza anamuona wothandiza pa utumiki.