PHUNZIRO 7: MAFUNDE A M'MLENGALENGA NDI A YANI?

Mukamaimba foni kapena kutchera wailesi, mawu amayenda pa mafunde osaoneka ndi maso. Mafundewa ali ndi malire ngati munda: anthu awiri akagwiritsa ntchito mzere umodzi pamalo amodzi, mawu amasokonezana. N'chifukwa chake palibe amene amaloledwa kungodzitengera. Kuno kwathu amene amagawa ndi bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo tsopano likuyendera lamulo latsopano la 2016. TNM, Airtel, wailesi ya Mzati ya kuno ku Mulanje, ngakhale kampani yomwe alonda ake amalankhulana pa ova-ova, onsewa amayenera kukhala ndi chiphaso. Chiphasocho n'chobwereka kwa zaka zowerengeka. Eni ake a mafunde ndi anthu a dziko lino.

Tsono kunja kwabwera kagawidwe kena. M'chaka cha 2019 dziko la Germany lidapatula gawo la mafunde, kuyambira 3.7 mpaka 3.8 GHz, kuti fakitale kapena munda waukulu uzitha kukhala ndi netiweki yakeyake ya foni. Chiphaso chake chimathera m'malire a malo a kampaniyo, mtengo wake umatengera kukula kwa malowo ndi zaka zake, ndipo kampani ikatha chaka osagwiritsa ntchito mafundewo, boma likhoza kuwalanda. Ubwino wake ngoonekeratu. Esiteti ya tiyi itakhala ndi netiweki yotere, masikelo, mapampu ndi makina a m'fakitale angathe kulumikizana popanda kudikira nsanja ya kampani ya foni.

Koma ife a ku Mulanje tiyenera kutchera khutu tikamva za kugawa chuma cha tonse potsata malire a esiteti. M'zaka za m'ma 1890, bwanamkubwa Harry Johnston adapereka zikalata za malo kwa azungu, makolo athu ambiri asakudziwa tanthauzo la pepalalo. Mpaka lero mabanja ambiri akulima kachigunda m'mphepete mwa minda ya tiyi. Mafunde nawonso atha kupita chimodzimodzi, mwakachetechete, pakuti saoneka. M'kati mwa mpanda netiweki n'kumagwira bwino, mudzi woyandikana nawo anthu n'kumakwerabe pachulu kuti alandire ndalama za pafoni. Amene adaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, milatho itaduka, magetsi atazima, akudziwa kuti foni yogwira si chinthu chongosangalalira.

Sikuti kagawidwe ka m'dera n'koipa ayi. Ku Britain, kuyambira 2019, munthu kapena gulu lingathe kupempha mafunde amene kampani yaikulu ikungowasunga osawagwiritsa ntchito m'dera lawo. Kuno, m'chaka cha 2013, MACRA ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayesa kutumiza intaneti ku sukulu ya atsikana ya St Mary's ku Zomba pa mafunde a kanema amene ankangokhala. Ndiye kuti khomo lotsegulira esiteti lingatsegulirenso sukulu, chipatala, kapena bungwe la alimi ang'onoang'ono a tiyi, malamulo ake akalembedwa mowakumbukira. Akalembedwa ife tili chete, adzakumbukira okhawo amene adafika ku msonkhano.

Kambiranani m'gulu lanu: Kodi m'mudzi mwanu ndi malo ati amene foni sigwira, ndipo mudawauzapo khansala kapena phungu wanu? Kampani itapempha mafunde a m'dera lanu, mungafune kuti ilonjeze chiyani kwa midzi yoyandikana nayo chiphaso chisanaperekedwe?