Mabatire a Lithiyamu a M'tochi: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Kutchaja

Kabuku kano n'ka anthu amene amadalira tochi usiku uliwonse, monga alonda, asodzi ndi anamwino a m'zipatala za kumidzi, komanso mabanja a m'tauni. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankathima maola ambiri patsiku, ndipo ambirife tinaona mmene kugula mabatire sabata ndi sabata kumathera ndalama. Kutchaja kumachepetsa mtolo umenewu, koma mabatire a lithiyamu amafuna munthu wowadziwa.

Kodi batire lililonse lolembedwa kuti "Lithium" likhoza kutchajidwa?

Ayi, ndipo ngozi zambiri zimayambira pomwepa. Mabatire a lithiyamu ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mabatire ogwiritsa ntchito kamodzi kokha, monga CR123A ndi CR2 a m'matochi ndi m'makamera, CR2032 wooneka ngati ndalama yachitsulo, komanso a saizi ya AA onga Energizer Ultimate Lithium. M'kati mwawo muli chitsulo chenicheni cha lithiyamu, ndipo chikatha ntchito sichibwerera mwakale. Mukakakamiza magetsi kulowamo, lithiyamu imamera ngati timinga tating'onoting'ono timene timaboola kapepala kolekanitsa mbali ziwiri za batire. Zikatero batirelo limachita shoti m'kati, limatentha, ndipo likhoza kuphulika ndi kulavula moto.

Gulu lachiwiri ndi limene limalembedwa kuti "Li-ion" kapena "Rechargeable", ndipo kawirikawiri pamakhalanso 3.6V kapena 3.7V. Amenewa ndiwo anapangidwira kutchaja. Batire lolembedwa "Do not recharge" musaliike m'tchaja, ngakhale wina atakuuzani kuti iye anayesapo ndipo zinatheka.

Nanga manambala monga 18650 ndi 16340 amatanthauza chiyani?

Amangonena kukula kwa batire. La 18650 ndi lotambalala mamilimita 18 ndi lotalika mamilimita 65. La 16340, limene ena amalilemba kuti RCR123A, ndi lofanana msinkhu ndi CR123A, pomwe la 14500 ndi lofanana ndi AA. Kufanana msinkhu sikutanthauza kuti mphamvu zawo n'zofanana.

Ndalama zimapulumuka bwanji, ndipo zochuluka motani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire labwino la CR123A limasunga pafupifupi 1500 mAh pa mavolti 3. Batire labwino la 18650 limasunga pafupifupi 3000 mAh pa mavolti 3.6. Mukachulukitsa manambalawo mupeza kuti 18650 limodzi lodzaza lili ndi mphamvu yoposa ya ma CR123A awiri. Mabatire ambiri a Li-ion amatha kutchajidwa maulendo 300 mpaka 500 asanafooke kwambiri. Tikatenga nambala yotsikayo, batire limodzi lagwira ntchito ya ma CR123A okwana 600. Magetsi otchajira nawonso ndi ochepa zedi, moti yuniti imodzi ya ESCOM ikhoza kudzaza batire lotere maulendo oposa 70. Ndalama yaikulu imapita tsiku loyamba logula batire ndi tchaja, ndipo kwa mlonda amene amayatsa tochi usiku wonse imabwerera m'masabata ochepa chabe.

Chiwerengero cha 16340 sichikoma chotero. Batire limeneli limasunga pafupifupi 700 mAh, kutanthauza kuti tochi imazima msanga kuposa mmene imachitira ndi CR123A, ndipo mudzafunika lina lapadera m'chikwama. Phindu lilipobe, koma la pang'onopang'ono.

Palinso anthu amene kutchaja sikungawapindulitse konse. Ngati tochi yanu imakhala m'galimoto kapena m'kabati kudikira tsiku la tsoka, CR123A ndiye woyenera, chifukwa amatha kukhala zaka pafupifupi khumi osatha moto. Batire la Li-ion limakalamba ngakhale lili chikhalire, makamaka likasungidwa lodzaza pamalo otentha.

Ndingangochotsa mabatire akale m'tochi yanga n'kuikamo otchaja?

Yambani mwaona mavolti amene tochiyo imalola. Batire la Li-ion likangochoka pa tchaja limakhala ndi mavolti 4.2. Tochi yopangidwira ma CR123A awiri imayembekezera mavolti 6, ndiye mukaikamo ma 16340 awiri mwaipatsa 8.4. Matochi ena anapangidwa kuti azipirira zimenezi ndipo amalemba choncho pa bokosi kapena m'kabuku kake, koma ena amapsa nthawi yomweyo. Choopsa kwambiri ndi 14500 m'tochi ya AA, chifukwa amalowa bwinobwino koma amapereka mavolti 4.2 pamalo pa 1.5. Ndalama imene mumafuna kupulumutsa yapita pogula tochi ina.

Ngati tochi yanu ndi ya AA kapena AAA, ine ndingakulangizeni mabatire a NiMH, amene amapereka mavolti 1.2 ndipo amagwira ntchito m'matochi ambiri otere. Alibe madzi oyaka moto ngati a Li-ion. A mtundu wa Eneloop, amene kampani ya Sanyo inatulutsa mu 2005 ndipo pano ali m'manja mwa Panasonic, amasunga moto miyezi yambiri. Amafuna tchaja yawoyawo, kapena tchaja yolembedwa kuti imadziwa mitundu yonse iwiri.

N'chifukwa chiyani mabatire amenewa amayaka moto?

M'kati mwa batire la Li-ion muli timapepala titatu topindidwa pamodzi: ka mbali ya pulasi, ka mbali ya mainasi, ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu kamene kamalekanitsa tiwirito. Tonseti tanyowetsedwa ndi madzi a mankhwala amene amayaka moto. Kapulasitiki kaja kakabooka kapena kusungunuka, mbali ziwirizo zimakhudzana ndipo pamabadwa kutentha. Kutenthako kumayambitsa kusintha kwa mankhwala kumene kumabala kutentha kwina, ndipo zikafika pamenepo palibe angaziimitse. M'tochi yachitsulo yotseka bwino mpweya umasowa potulukira, ndiye tochiyo imatha kung'ambika ili m'manja.

Zimenezi zagwerapo ngakhale makampani akuluakulu. Sony ndiyo inayamba kugulitsa mabatire a Li-ion mu 1991, komabe mu 2006 Dell inaitanitsa mabatire a malaputopu oposa 4 miliyoni opangidwa ndi Sony yomweyo chifukwa ena ankayaka. Mu 2013 ndege zonse za Boeing 787 zinaimitsidwa kwa miyezi ingapo chifukwa cha mabatire, ndipo mu 2016 Samsung inasiya kugulitsa foni ya Galaxy Note 7. Ndikutchula zimenezi kuti muone kuti kalakwitsidwe kakang'ono popanga n'kokwanira kubweretsa moto. Ngati zimachitika kumafakitale okhala ndi akatswiri oyesa batire lililonse, batire losadziwika kochokera ndiloyenera kuliopa koposa.

Ndingadziwe bwanji batire lachinyengo?

Nambala yokokomeza ndiyo imaliulula. Ma 18650 enieni ambiri amasunga pakati pa 2000 ndi 3500 mAh. Mukaona lolembedwa 6000, 8800 kapena 9900 mAh, dziwani kuti ndi bodza, ndipo nthawi zambiri m'kati mwake simukhala ngakhale theka la mphamvu ya batire lenileni. Kulemera kumathandizanso. Lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, ndipo lachinyengo limapepuka moti mukhoza kumva m'manja. Opanga odziwika ndi monga Panasonic, Samsung, LG, Molicel ndi Murata, imene inagula fakitale za mabatire za Sony mu 2017, ngakhale achinyengo amakoperanso maina amenewa.

Palinso ma 18650 ochotsedwa m'mabatire akale a laputopu. Ena amakhala adakali ndi moyo, koma munthu wopanda chida choyezera sangasiyanitse labwino ndi lowonongeka, ndipo mabatirewo alibe chitetezo chilichonse. Batire limene lakhala nthawi yaitali pansi pa mavolti 2.5 limaonongeka m'kati, ndipo kulidzutsa ndi tchaja n'kuputa moto.

Kodi mabatire otchedwa "protected" amasiyana bwanji ndi ena?

Ali ndi kachipangizo kakang'ono kumapeto kamene kamadula magetsi batire likadzaza mopitirira, likatha moto kwambiri, kapena pakachitika shoti. Amakwera mtengo pang'ono ndipo amatalikirapo mamilimita angapo, choncho yesani ngati akukwana m'tochi yanu. Kwa munthu wongoyamba kumene, amenewa ndiwo ogula.

Tchaja iliyonse ingagwire ntchito?

Apa musaumire ndalama. Tchaja yoyenera imapereka magetsi moyeza, imachepetsa batire likamayandikira kudzaza, ndipo imasiyiratu pa mavolti 4.2. Tchaja yotchipa kwambiri imatha kupitirizabe kukankha magetsi ngakhale nyali yake yasanduka yobiriwira. Sankhani imene imayang'anira batire lililonse palokha. Mabatire a LiFePO4, olembedwa 3.2V, amadzaza pa mavolti pafupifupi 3.6, ndiye asaikidwe pa tchaja ya 4.2.

Kumidzi kumene timadalira sola, chiyeso chimakhala cholumikiza batire ndi mawaya mwachindunji ku panelo kapena ku batire la galimoto la mavolti 12. Chonde musatero. Gwiritsani ntchito tchaja ya USB yolumikizidwa pa malo otchajira foni.

Tchajani masana, muli pafupi, pa simenti kapena pa mbale yadothi, kutali ndi matiresi, makatani, mphasa ndi botolo la parafini. Nyumba ya denga laudzu imafuna chisamaliro choposa. Musasiye batire pa tchaja n'kupita kukagona kapena kumunda. Kutentha kopitirira madigiri 45 sikufunika potchaja, choncho m'mwezi wa Okutobala pewani pawindo lowomba dzuwa ndi m'galimoto yotseka.

Tochi yanga imalowa mabatire awiri. Pali vuto kusakaniza lakale ndi latsopano?

Lilipo lalikulu, ngakhale pa ma CR123A osatchaja. Lofooka limatha moto msanga, ndipo lamphamvu limapitiriza kukankha magetsi kudzera mwa lofookalo mobwerera kumbuyo, zimene zimalitenthetsa mpaka kuphulika. Gulani awiri a mtundu umodzi tsiku limodzi, alembeni chizindikiro, ndipo muziwatchaja ndi kuwagwiritsa ntchito limodzi nthawi zonse. Tochi ikayamba kuchita chizimezime, izimitseni m'malo moikakamiza. Ngati mukugula tochi yatsopano, ya batire limodzi imakuchotserani nkhawa yonseyi.

Ndiziwanyamula ndi kuwasunga bwanji?

Osati m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Chitsulo chikalumikiza mbali ziwiri, batire limatentha m'masekondi ochepa ndipo anthu apsapo ntchafu mwa njira imeneyi. Chigoba chonse cha 18650 ndi mbali ya mainasi, ndipo chimene chimachitchinga ndi kapulasitiki kakunja kokha, ndiye batire long'ambika chikutiro lisalowe m'tochi. Sungani m'kabokosi kapulasitiki, ndipo ngati mukhala nthawi yaitali osaligwiritsa ntchito, lisiyeni lili ndi moto pafupifupi theka. Okwera ndege adziwe kuti mabatire apadera amayenda m'chikwama cham'manja, saloledwa m'katundu wopita kunsi kwa ndege.

Ndi liti pamene ndiyenera kulitaya, ndipo likayamba kufuka utsi nditani?

Lisiyeni likatupa, likaphwanyika, likachita dzimbiri, likamatulutsa fungo lamankhwala, likamatentha moti simungaligwire potchaja, kapena likamatha moto patangopita nthawi yochepa mutalidzaza.

Likayamba kulira ngati likutulutsa mpweya kapena kufuka, musaligwire ndi manja. Zimitsani magetsi pa soketi ngati mungafikepo bwino, tulutsani ana, ndipo tsegulani zitseko ndi mawindo. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni umene umaotcha mapapo, choncho aliyense amene waupuma n'kuyamba kutsokomola kapena kubanika apite kuchipatala msanga. Ngati n'kotheka, likankhireni panja ndi fosholo n'kulikwirira ndi mchenga, ndipo musaliyandikire kwa maola angapo chifukwa limatha kuyakanso.

Batire lakutha limateni tepi mbali zonse ziwiri n'kulisunga m'chitini cha mchenga, kutali ndi ana, kufikira mutapeza malo olandira zinyalala za zipangizo zamagetsi. Musaliponye m'dzala limene mumaotcha zinyalala, chifukwa likhoza kuphulikira munthu woyatsayo. Timabatire tathyathyathya ngati CR2032 tisamalidwe koposa. Mwana akameza kamodzi, kamatha kumuotcha kummero m'maola awiri okha, ndiye mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo osayesa kumusanzitsa.