Zoti muwerenge musanapite kutchuthi ku Tanzania ndi Zanzibar

Banja likapangana zokapuma kunja kwa dziko, nkhani zimene zimatenga malo ndi za ndalama ya basi, zovala za ana ndi kukula kwa chikwama. Zowerenga zimakumbukiridwa mochedwa, mwinanso osakumbukiridwa n'komwe. Komatu akulu anati safunsa anadya phula, ndipo kuwerenga ndiko kufunsa kosalira ndalama zambiri. Amalawi ambiri amaidziwa Tanzania ngati kokaoda katundu ku Kariakoo kapena kokatenga galimoto padoko la Dar es Salaam. Kupitako ndi mkazi, mwamuna ndi ana kuti mukapume ndi ulendo wina, wofuna kukonzekera kwina. Nazi zowerenga za mitundu inayi, mondondozana ndi kufunika kwake.

1. Yambani ndi malamulo a pachipata

Choyamba kuwerenga ndi pasipoti yanu yomwe. Onani tsiku limene ithe ntchito. Ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposerapo kuchokera tsiku lomwe mudzalowe m'dzikomo, ndipo mukhale masamba opanda chidindo. Chitani chimodzimodzi ndi pasipoti ya mwana aliyense. Tengani makalata a kubadwa a ana, ndipo ngati kholo linalo likutsala, lilembe kalata yovomereza kuti ana apite.

Mmalawi wopita kukacheza masiku ochepa safunika viza ya Tanzania. Zanzibar ndi mbali ya dziko lomwelo kuyambira pa 26 Epulo 1964, koma ili ndi boma lakelake, ndipo mukatsika boti padoko akuonaninso pasipoti. Musaisiye kumalo ogona ku Dar es Salaam. Kuyambira mu Okutobala 2024 boma la Zanzibar linakhazikitsa inshulansi yomwe alendo ochokera kunja amagula polowa pachilumbachi. Werengani mtengo wake wa panopa ndi momwe ikukhudzira nzika za Malawi, kuti muuike m'ndondomeko ya ndalama. Dziwaninso kuti majumbo apulasitiki analetsedwa ku Tanzania pa 1 Juni 2019, choncho longedzani nsapato ndi kamba wapaulendo m'matumba ansalu. Oyenda pandege yodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa awerenge za khadi la katemera wa yellow fever, chifukwa Kenya ndi Ethiopia ali m'gulu la maiko omwe matendawa amapezeka.

Malamulo otere amasintha, n'chifukwa chake gwero lake likhale loyenera: nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko, ofesi ya kazembe wa Tanzania ku Lilongwe, ndi masamba a boma a pa intaneti. Uthenga wongotumizirana pa WhatsApp ungakukumbutseni chinthu, koma musamangirepo ulendo wonse. Werengani kawiri, pokonza ulendo komanso sabata yonyamuka.

2. Pezani buku limodzi lotsogolera alendo

Makampani a Bradt, Lonely Planet ndi Rough Guides ali ndi mabuku ofotokoza Tanzania. A Bradt ali ndi la dziko lonse lolembedwa ndi Philip Briggs, komanso lina la Zanzibar payokha. Limodzi ndi lokwanira. Tsegulani tsamba loyambirira muone chaka chomwe linasindikizidwa. Buku lakale limanenabe zoona za mapu, mbiri ndi nyengo, koma mitengo ya malo ogona ndi nthawi za mabasi muzitsimikize mwatsopano.

Mabukuwa analembedwa poganizira mlendo wotsika ndege ku Kilimanjaro kupita ku Serengeti. Ife timalowera kumwera, pa Songwe, ndiye dumphani mitu yakumpotoyo mufunefune ya Mbeya, Iringa, Mikumi, Morogoro ndi Dar es Salaam. Mudzapezamo kuti msewu waukulu umadutsa mkati mwa malo osungira nyama a Mikumi, kotero ana akakhala cha kuwindo masana angaone njovu, mbidzi ndi akadyansonga ali m'basi momwemo. Mudzapezamonso za sitima ya TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku Kapiri Mposhi ku Zambia kukafika ku Dar es Salaam, yomwe inamangidwa ndi thandizo la China n'kutha mu 1975. Imaima pa Mbeya, ndipo imayenda masiku owerengeka pa sabata, choncho funsani ndandanda yake musanasungitse malo ogona.

Pali mitu itatu yoti muiwerenge ndi pensulo m'manja. Woyamba ndi wa nyengo: kugombe mvula yamphamvu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi. Wachiwiri ndi wa chikhalidwe: anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, ndipo m'tauni amayembekezera kuti mlendo avale zobisa mapewa ndi mawondo. M'mwezi wa Ramadan malo ena odyera amatseka masana, ndipo kudya poyera m'misewu n'kupanda ulemu. Wachitatu ndi wa nyanja yamchere. Ife tinazolowera nyanja yathu yomwe madzi ake umawapeza madzulo pomwe unawasiya m'mawa. Kugombe lakum'mawa kwa Zanzibar, monga ku Paje ndi ku Jambiani, madzi amaphwera kutali kwambiri kawiri pa tsiku, n'kusiya mchenga, miyala ndi minda ya ndere, kenako amabwerera mofulumira. Mwana amene watsatira madzi patali angazingidwe pobwerera. Malo ogona ambiri amapachika ndandanda ya nthawi yomwe madzi amadzadza ndi kuphwa. Iwerengeni m'mawa uliwonse. Ofuna kusambira tsiku lonse asankhe kumpoto, ku Nungwi kapena ku Kendwa, komwe madzi saphwera kutali chotero.

3. Kabuku ka Chiswahili

Ku Tanzania Chingerezi sichifikitsa munthu patali pamsika kapena mu daladala, minibasi yakumeneko. Kabuku kakang'ono ka ziganizo za Chiswahili, monga ka Lonely Planet, kamakwana m'thumba la malaya. Wolankhula Chichewa amachigwira msanga chifukwa kamangidwe ka ziganizo n'kofanana ndi kathu. Yambani ndi malonje. Wamng'ono amapereka moni kwa wamkulu kuti "shikamoo", wamkuluyo n'kuyankha kuti "marahaba". Aphunzitseni ana zimenezi akadali kunyumba. Kenako lowezani manambala ndi mawu a pamsika: "bei gani" pofunsa mtengo, "punguza" ponenerera.

Tsamba lofunika kuposa onse ndi la nthawi. Mukawoloka Songwe, sunthani wotchi ola limodzi kutsogolo. Kuonjezera apo, Aswahili amayamba kuwerenga maola a tsiku dzuwa likatuluka. "Saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa sita" ndi 12 koloko, "saa kumi jioni" ndi 4 koloko madzulo. Wogulitsa tikiti akakuuzani kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili alfajiri", akunena 6 koloko m'mamawa. Lembani maola onse 12 papepala, mbali ina m'Chiswahili, mbali ina monga timawerengera kwathu, ndipo pogula tikiti ya basi kapena ya boti la ku Zanzibar pemphani kuti akulembereni nthawiyo m'manambala.

4. Buku lokuuzani mbiri ya komwe mukupita

Apa ndipo ulendo umapeza tanthauzo. Mutha kuyenda m'tinjira topanikizika ta Stone Town, tauni yakale yomwe bungwe la UNESCO linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2000, n'kungoona zitseko zogoba mokongola ndi ogulitsa zokometsera chakudya. Amene wawerenga amaona zoposa pamenepo, ndipo Mmalawi amapezapo mbiri ya kwawo.

M'zaka za m'ma 1800 a Jumbe a ku Nkhotakota ankawolotsa anthu ogwidwa ukapolo panyanja yathu, kenako ankawayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankakagulitsidwa pamsika wa ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo omwewo Bishopu Edward Steere anamangapo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Mkati mwake muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, m'dziko la Zambia, womwe patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Mishoni ya UMCA yomwe inamanga tchalitchichi ndi yomweyo imene inadzamanga cha St Peter's pa Likoma. Buku la Abdul Sheriff lotchedwa Slaves, Spices and Ivory in Zanzibar, la mu 1987, limafotokoza bwino momwe malonda a akapolo, zokometsera chakudya ndi minyanga analemeretsera chilumbachi. Ndi lozama, loyenera wokonda mbiri kapena mwana wa kukoleji.

Wofuna nkhani yoyenda msanga awerenge Paradise, ya Abdulrazak Gurnah, mlembi wobadwira ku Zanzibar yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2021. Inatuluka mu 1994, ndipo imakamba za mnyamata Yusuf amene bambo ake anamupereka kwa wamalonda ngati chikole cha ngongole, iye n'kutsagana ndi gulu la amtengatenga kulowa kumtunda. Ilipo ndi m'Chiswahili, pa mutu wakuti Peponi. Amayi ndi atsikana angakonde Memoirs of an Arabian Princess from Zanzibar, ya mu 1886, momwe Emily Ruete, mwana wa Sultan Seyyid Said, akufotokoza moyo wa m'nyumba yachifumu monga anauonera ali mwana. Kwa amene akakhalitse ku Dar es Salaam, Uhuru Street ya M.G. Vassanji ndi nkhani zifupizifupi za anthu a mumsewu umodzi wa mumzindawo, zokwanira kuwerenga imodzi pa usiku.

Gawanani ntchitoyi pabanja

Munthu mmodzi sangawerenge zonsezi, ndipo sikofunika kutero. Patatsala mwezi ndi theka, kholo limodzi litenge za malamulo ndi ndalama, linalo litenge buku lotsogolera alendo. Mwana wa kusekondale apatsidwe Chiswahili ndi buku la nkhani, wa kupulayimale apatsidwe mapu kuti alondole njira ndi chala kuchokera ku Karonga mpaka kugombe. Kamodzi pa sabata, mukatha kudya madzulo, aliyense auze anzake zomwe wapeza.

Mabuku atsopano ndi okwera mtengo, choncho yambirani ku laibulale za National Library Service, kwa ogulitsa mabuku akale m'tauni ndi kwa anzanu omwe anapitako kale. Gulani kope laling'ono mulembemo maadiresi a malo ogona, manambala a foni, nthawi za mabasi ndi za boti, ndi ziganizo za Chiswahili. Foni imatha moto kapena kusowa netiweki, pamene kope limatseguka paliponse. Jambulitsani mapasipoti, mapepalawo muwasunge m'chikwama china. Mapu a pafoni muwatsitsiretu mudakali kunyumba.

Buku lolemera lisiyeni kunyumba, mutenge kope lanu, kabuku ka Chiswahili ndi buku limodzi la nkhani loti mukathere panjira, pajatu msewu wa Mbeya mpaka Dar es Salaam ndi wa tsiku lathunthu. Ngati mukulinga zopita pa tchuthi chikubwerachi, tulutsani mapasipoti lero muone masiku ake, ndipo sabata ino isathe musanapeze buku loyamba.